Laminate m'fulati yam'mwamba: pansi panu pali munthu!

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga amene ndinakuvutitsani ndi fizikisi zaka zija, pepani ndakhala chete, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera kudzakangana nanu, ndipo ena mukwiya, palibe kanthu.

Loweruka lapitali ndinakacheza kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi 4 kumudzi, pano ndi namwino kuno ku Manchester ndipo wagula fulati m'nyumba yosanjikizana. Ndinamupeza atakanganula kapeti yonse, mabokosi a laminate ataunjikidwa pakona. Nditamufunsa ngati walankhula ndi amene amakhala pansi pake, anaseka. "Aphunzitsi, nyumbayi ndagula ndi ndalama zanga. Komanso ndagula underlay yoletsa phokoso, onani papaketipa." Mawu amenewa ndinawazindikira msanga chifukwa ndinawalankhulapo ine ndemwe mu 2016.

Chifukwa chimene timakondera laminate ndikuchidziwa. Tinakulira pa simenti. Kukolopa m'mawa uliwonse, Loweruka kupaka polishi wofiira mpaka nkhope kuoneka pansi. Kapeti timaiona ngati nkhokwe ya fumbi ndi fungo la ndiwo, ndipo mwana akatayirapo phala basi walemba m'madzi. Ndiye tikaona chinthu chowala, chokolopeka, chotchipa, mtima umati tafika kwathu. Koma abale, kwathu pansi pa simenti pali dothi ndi chiswe. Kuno pansi pako pali munthu wagona.

Ine amene anandiphunzitsa ndi mayi wina wachikulire wokhala pansi pathu. Patatha milungu itatu chiyalire laminate yanga, anagogoda, ndipo sanakalipe ayi. Anangoti, "Bwerani mudzakhale kwanga kanthawi kochepa, ana muwauze apitirize zimene akuchita." Ndinakhala pampando wawo mphindi khumi zokha. Mwana wanga wamkazi, wazaka zisanu ndi chimodzi, wopanda nsapato, mdidi wake unkamveka ngati munthu akusinja mumtondo. Supuni itagwa, ngati bango lagwera pa malata usiku. Mpando utakokedwa ndinadzidzimuka. Ife kumwambako tinkadziyesa anthu ofatsa! Mayiwo anandiuza kuti anasiya kugona kuchipinda, ankagona pabalaza chifukwa pamwamba pake usiku sitinkayendapo. Manyazi amene ndinachita, mphunzitsi wa fizikisi wathunthu, musanene.

Tsono tibwerere m'kalasi. Mukukumbukira ndinkakuuzani muike khutu pa desiki, mnzanu akande mbali inayo ndi chikhadabo? Mumpweya simunkamva kanthu, koma m'thabwamo zinkamveka bwinobwino. Phokoso la m'nyumba lili pawiri. Lina limayenda mumpweya, monga mawu ndi wailesi. Lina limabadwa chinthu chikagunda nyumbayo, monga chidendene, ndipo limayenda m'matabwa, m'mitanda ndi m'makoma. Kapeti yokhala ndi underlay yake imameza kugundako chidendene chisanafike pathabwa. Laminate simeza kanthu. Ndi ufa wa mitengo wopsinjidwa kwambiri, wochindikala mamilimita 7 mpaka 12, pamwamba pake anamatapo chithunzi cha thabwa ndi pulasitiki wolimba. Inayambira ku Sweden ku kampani ya Perstorp mu 1977, ndipo pa nyumba yapansi ilibe mlandu. Koma nyumba zambiri zakale za kuno, zimene anazidula kukhala mafulati, pansi pake ndi matabwa, kenako mitanda, pakati mphako, kenako siling'i ya mnzako. Mphako yokutidwa mbali zonse ndi chiyani ngati si ng'oma? Iwe ukuyenda pachikopa, mnzako akukhala m'kati mwake.

Za paketi ija ndiye zimandikwiyitsa. Amalemba nambala yaikulu, 19 dB kapena 20 dB, munthu n'kumaganiza kuti wathana nazo. Nambala imeneyo amaiyeza mu labotale, pa konkire yochindikala. Pa matabwa simupeza zimenezo, makamaka mdidi wa besi uja, du! du! du!, umene umangodutsa kasiponji ka mamilimita awiri kapena atatu ngati palibe chilichonse. Ndipo ngakhale mutagula underlay yabwino, laminate ikakhudza khoma, kapena mukaikhomera msomali, phokoso lapeza mlatho. Mpata wa pafupifupi mamilimita 10 umene amati musiye m'mbali si wa kufufuma kwa laminate kokha.

Wina anena kuti ngati zikanakhala zoipa, boma likanaletsa. Tamverani. Malamulo a zomangamanga ku England, gawo lotchedwa Part E, kuyambira 2003 amati m'fulati yatsopano phokoso la kugunda lisapitirire 62 dB, ndipo m'nyumba yosandutsidwa mafulati lisapitirire 64 dB. Koma zimenezi zimagwira pomanga kapena posandutsapo. Nyumba imene anaidula kale 2003 isanafike sizikuikhudza, ndipo palibe amene amabwera kudzayeza iwe ukachotsa kapeti. Mu 1999 House of Lords, yomwe nthawi imeneyo inali khoti lalikulu kwambiri, inagamula pa mlandu wa anthu ochita lendi m'nyumba za makhonsolo a Southwark ndi Camden ku London kuti phokoso la moyo wamasiku onse si mlandu, ndipo mwini nyumba sangakakamizidwe kuika zotchinga phokoso. Choncho wapansi akathamangira ku khonsolo kukadandaula za mapazi, kawirikawiri amabwerako chimanjamanja. Ndiye ukamati "lamulo silindiletsa", chimene ukunena n'chakuti mnzakoyo alibe kothawira, ndipo iwe wakondwa nazo.

Komanso usathamangire kukondwa. Mafulati ambiri kuno amagulidwa pa lease, ndipo mapepala ambiri amenewa ali ndi ndime yonena kuti pansi pakhale kapeti kupatula kukhitchini ndi kubafa, kapena kuti upemphe chilolezo usanasinthe. Yanga inali nayo ndime imeneyi, sindinawerenge. Mnyamata wanga uja nayenso sanawerenge yake, ngakhale ndinamukuwira zaka ziwiri kuti aziwerenga funso asanayankhe. Mu 2018 khoti linalamula kuti mayi wina wa ku Kensington ku London apatsidwe mapaundi oposa 100,000 chifukwa cha phokoso lochokera m'fulati yam'mwamba imene anaikonzanso n'kuyalamo matabwa. Inu ndalama zoterozo muli nazo?

Pali amene ndimawamvetsa. Ngati mwana ali ndi mphumu ndipo fumbi la m'kapeti limamudwalitsa, sindingakuumirizeni. Koma mukatero lipirani mtengo wake wonse: zulani matabwa muike ubweya wa mineral wool pakati pa mitanda, yalani mphasa yolemera ya labala yopangidwira ntchito imeneyi, laminate ingoyandama pamwamba osakhudza khoma, miyendo ya mipando muimate nsanza zofewa, nsapato zizitsala pakhomo, ndipo modutsa anthu muyale tikapeti. Mukawerengera zonsezi mupeza kuti kutchipa kuja kwatha, ndipo mdidi wachepa koma sunafanane ndi wa kapeti. Zoti wapansiyo akonze yekha siling'i yake musandiuze. Alipire ndalama zambiri, chipinda chake chifupike, chifukwa choti inu mukufuna kukolopa?

Ine ndinabwezeretsa kapeti m'zipinda, pabalaza ndi mukhonde. Ndinalipira kawiri, ndipo mayi a kunyumba sanandilankhule bwino kwa mlungu wathunthu. Laminate yotsalayo ili mu shedi mpaka lero, amene akuifuna ndipo amakhala pansi penipeni andiuze.

Iwe mwana wanga, ndikudziwa uwerenga. Umagwira ntchito usiku, umagona masana, ndipo pamwamba pako pali banja la ana awiri limene sulimva chifukwa lili pa kapeti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mabokosi aja usawatsegule, lisiti usataye. Loweruka ndikubweranso, ukonzeretu lease ija patebulo, ndipo tikatsika limodzi kukagogoda pansipo. Ine ndikakwera kukayenda m'fulati mwako nditavala nsapato zanga za kusukulu zija, iwe ukakhale pampando wa mnzakoyo.