Musanaike mtengo pa tiana, onani mbale ya make

Mwezi wa June caka catha, galu wa aneba athu ku Chawama anabereka tiana 7 kuseri kwa cimbudzi. Tsiku lomwelo mnyamata wa panyumbapo anatijambula n'kuika pa WhatsApp, mtengo uli kale pansi. Anzake anayamba kusankha, wina kakuda, wina kamawanga. Palibe anayang'ana make, amene anali kunyambita mbale youma. Patapita milungu itatu nthiti zake zinali kuwerengeka, ndipo tiana titatu tinali titafa.

Maganizo anga ndi akuti wofuna tiana tamoyo ayambe wasamala make. Galu amakhala ndi mimba masiku pafupifupi 63, koma nchito yaikulu imayamba akabereka. Tiana timabadwa tosaona, tosamva, ndipo sititha kudzifunditsa tokha. Maso timatsegula pakati pa masiku 10 ndi 14. Nthawi yonseyi moyo wake uli m'thupi la make: mkaka, kutentha, ngakhale cimbudzi, cifukwa ndi iye amene amatinyambita kuti tikodze. Mkaka wa tsiku loyamba ndiwo umatiteteza ku matenda, conco tisiyeni tiyamwe.

Galu woyamwitsa amafuna cakudya coculuka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, makamaka pa mlungu wacitatu ndi wacinai. Nsima ya dzulo yoviika m'madzi siipanga mkaka wokwanira. Muonjezereni kapenta, dzira lowiritsa kapena tizidutswa ta nyama tophika, ndipo adye katatu kapena kanai pa tsiku. Mafupa a nkhuku ophika ai, amathetheka n'kubaya matumbo. Madzi asacoke pafupi naye.

Wina anena kuti, "Ife tomwe unga utivuta, galu adye mazira?" Funso lomveka. Koma madzi oyera, saka youma, katoni pakona yopanda mphepo ndi kuletsa ana kumamusokoneza, zonsezi sizifuna ngwee. Kuzizira kwa Lusaka mu June kumapha kamwana kogona pa simenti. Ndipo ngati muyembekezera ndalama za tiana, kapenta wa make ndiye mpamba wanu.

Muzimuona tsiku lililonse. Timadzi tofiirira kumbuyo kwake si cacilendo m'milungu yoyamba. Koma tikayamba kununkha, akakana kudya, bele likatupa n'kulimba, kapena akayamba kunjenjemera ndi kuuma miyendo, thamangani kwa dokotala wa ziweto. Kunjenjemera kumeneku kawirikawiri ndi kucepa kwa calcium m'magazi, ndipo kumapha m'maola ocepa. Musamupatse Brufen kapena mankhwala ena a anthu, angamuononge impso ndi m'mimba. Ku Lusaka kuli cipatala ca ziweto pa UNZA, komanso maofesi a boma oona za ziweto m'maboma. Funsaninso za mankhwala a njoka za m'mimba, amene tiana timayamba kumwa pa milungu iwiri, make nayenso amwe.

Cina cimene timalakwitsa ndi cangu. Tiana timayamba kulawa phala pa milungu itatu kapena inai, koma tisacoke kwa make tisanakwanitse milungu 8. Wogula akafulumira, muuzeni ayembekeze, ndipo mumukumbutse za katemera wa ciwewe pa miyezi itatu.

Ngati muona kuti simungakwanitse zonsezi caka ndi caka, palibe manyazi. Tiana tikaleka kuyamwa, mutengereni kwa dokotala amutseke kuti asabalenso. Ndi bwino kuposa kukataya tiana m'ngalande usiku.

Galu wa aneba uja anacira, agogo a panyumbapo atayamba kumuphikira phala la kapenta m'mawa ndi madzulo. Masiku ano wabwerera pa geti, ndipo ndiye amauwa usiku tonse tili m'tulo.