Gitala yosasa mawu ikuyenera FLAC

Ambiri akamva za nyimbo za lossless amaganiza za mawu oyera mbee, opanda kachitsotso. N'chifukwa chake amadabwa kuona munthu akutha bandulo pokopera mu FLAC chimbale cha gulu la ku America la Neutral Milk Hotel, chotchedwa In the Aeroplane Over the Sea, chomwe kampani ya Merge inatulutsa mu 1998. Chimbalechi n'chosasa mawu, ndipo eni ake anachita kufuna kuti chitero. Pochijambula ku Denver, woimba Jeff Mangum ndi wojambula Robert Schneider ankapanikiza zipangizo mpaka gitala wamba, yopanda magetsi, kuyamba kulira mokhadzula. Pamwamba pake anaikapo malipenga ndi sowo ya mmisiri wa matabwa, yoimbidwa ndi uta.

Chimbale chotere ndicho chimavulala kwambiri chikafinyidwa. MP3 imachepetsa fayilo potaya mawu amene ikuganiza kuti khutu silingawamve pansi pa ena okwera. Pa 128 kbps imatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 11 a zomwe zili pa CD, yomwe imanyamula 1,411 kbps. Mawu osalala amapirira nkhanza imeneyi. Phokoso lokhakhala silipirira: mbale za ng'oma zimamveka ngati zamira m'madzi, gitala imasanduka phala. FLAC nayo imachepetsa fayilo, koma sitaya kanthu, choncho kukhadzula kuja kumafika m'khutu monga anakusiyira Schneider. Mu nyimbo ya "Oh Comely", yomwe Mangum anaimba kamodzi kokha kwa mphindi 8, kupuma kwake ndi kukwecha kwa zala pa nsambo n'zimene zimamuika womvera m'chipinda momwemo.

Komabe otsatsa malonda amakokomeza. MP3 yabwino ya 320 kbps ambiri sangaisiyanitse ndi CD atatsinzina. Ndipo womvera kudzera pa Bluetooth akudzinamiza, pakuti foni imafinyanso mawuwo isanawatumize. A Apple eni ake, omwe anayamba kupereka lossless mu 2021, amavomereza zimenezi. Kuli bwanji m'minibasi, momwe injini ndi kondakitala akulimbirana khutu lomwelo!

Palinso thumba. Mphindi 40 za chimbalechi sizikwana 40 MB pa 128 kbps, pamene mu FLAC zimapitirira 200 MB. Kwa wogula bandulo ya tsiku limodzi ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, kumvera lossless pa intaneti tsiku ndi tsiku n'kuwotcha ndalama. Chanzeru n'kukopera kamodzi pamene pali Wi-Fi, kulumikiza mahedifoni a waya, n'kudikira usiku phokoso la panja litazilala. Nyimbo zake 11 zimveredwe motsatana, osadumpha, chifukwa zingapo zimalowerana popanda mpata pakati.