Lekani kuwerenga maina a ana osauka pa asembule

Anzathu, werengani mpaka kumapeto musanatumize kwa ena.

M'masukulu a m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chipoka, muli kachizolowezi komwe tatopa nako. Ana akangotha kuimba nyimbo ya fuko, pamatuluka kapepala. Maina amayamba kuitanidwa limodzilimodzi: awa sanalipire ndalama ya chitukuko, awa alibe yunifolomu, tulukani pamzere mukaitane makolo. Sukulu yonse maso pa iwo.

Ambiri mwa ife tinaimapo pamzere umenewo. Ena, tisanamizane, tinali m'gulu la oseka.

Taganizirani mwana wa Sitandade 7, msinkhu umene munthu amafunitsitsa kukhala ndi gulu lake. Usiku anali panyanja ndi bambo ake, kuyang'anira nyali kuti usipa ubwere. Kukucha wathandiza amayi kuyanika nsomba pathandala. Sopo kunyumba kulibe. Akalowa m'kalasi anzake amasuntha, wina n'kugwira mphuno, dzina lake basi lasanduka Kausipa. Usipa womwewo oseka aja audya ndi nsima madzulo, eti.

Nthawi ya buleki ndiye pamene pamaonekera zonse. Chinzake cha pamsinkhu uwu chimayendera mandasi ndi zigege: lero ndikubenthulira, mawa undibenthulire. Amene alibe chobweza amalandira kamodzi, kawiri, kachitatu amayamba kunena kuti sakumva njala n'kukakhala yekha kuseri kwa kalasi. Aphunzitsi amati ndi mwana wamanyazi. Ayi ndithu, mwanayo akuwerengera ngongole za mandasi.

Ndiye pamwamba pa zonsezi sukulu iwonjezepo kumutchula dzina pagulu? Zomwe ana amangonong'onezana, akuluakulu akuzilengeza mokweza ngati zotsatira za mayeso a MANEB.

Boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale mu 1994, ndipo yunifolomu inaleka kukhala yokakamiza. Papita zaka zoposa 30. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense ayenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Tsono mukamubweza pakhomo chifukwa cha malaya, akulakwira lamulo ndani, iye kapena inu?

Tikudziwa yankho lanu: choko chatha, mlonda sanalandire, chimbudzi chagwa. Nzoona, ndipo aphunzitsi ambiri nawonso akuvutika. Koma amene ayenera kuchita manyazi ndi akusunga chuma cha boma ku Capital Hill, osati kamwana kopanda nsapato. Lemberani khonsolo, funsani phungu wanu, tidzakuperekezani ife. Kholo likakhala ndi ngongole, liitaneni padera, mukambirane ngati akuluakulu.

Chifukwa mwana wochititsidwa manyazi sachedwa kupeza komwe amulandire. Kugombe palibe wofunsa yunifolomu. Anyamata a pabwato amamupatsa dzina laulemu, amadya naye mbale imodzi, madzulo ali ndi kangachepe m'thumba. Wina amayamba kutsatira alendo a m'malo ogona ku Senga Bay ndi zosemasema. Mtsikana amapeza bambo wogula nsomba amene amamulankhula bwino kuposa aliyense wa kusukulu. Kenako timamva pawailesi kuti ana a kunyanja sakonda sukulu. Abale, sakonda sukulu kapena sukuluyo inawatulutsa pamzere?

Chochita ndi ichi. Muli ndi mng'ono wanu pasukulu, pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, musangotuma agogo. Kafunseni poyera kuti ndalama ya chitukuko yatoleredwa zingati ndipo yagula chiyani, ailembe pabolodi aliyense aone. Kanenetseni kuti kuwerenga maina pa asembule kuthe teremu ino. Mukamva kuti mwana wabwezedwa, tiuzeni sukulu ndi tsiku lake, tikaonane ndi a komiti.

Koma chonde, musajambule anawo n'kuwaponya pa Facebook. Awayang'ana kokwanira kale.

Tumizani uthengawu m'magulu anu onse.