Kambuku wa ku Sumatra sangapulumukire m'khola

Tikaphunzira za nyama zomwe zikutha, wina m'kalasi amafunsa ndithu: "Bwanji osangozigwira zonse n'kukazisunga kumalo osungirako nyama?" Funsoli ndi labwino, ndipo inenso ndinkaganiza choncho. Lero ndinasintha maganizo, ndipo yemwe anandisinthitsa ndi kambuku wa ku Sumatra.

Nyama ndikunenayi si kambuku wathu wa mawanga uja. Ndi uja wa mizeremizere, amene pa Chingerezi amati tiger. Wa ku Sumatra amapezeka pa chilumba chimodzi chokha cha dziko la Indonesia, ndipo ndiye wamng'ono mwa anzake onse: wamphongo salemera kupitirira makilogalamu pafupifupi 140. Mizere yake ili ngati zidindo za zala zathu, palibe awiri ofanana. N'chifukwa chake akatswiri amatchera makamera m'nkhalango n'kumawerenga akambukuwa poyerekeza mizere ya pa zithunzi. Zomwe apeza n'zoopsa: m'tchire atsala osakwana 600, ndipo bungwe la IUCN linawaika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Abale awo a pa zilumba za Bali ndi Java anatha kale m'zaka za m'ma 1900.

Tsono bwanji osawatsekera m'khola? Poyamba, ganizirani za majini. Nyama zochepa zikamaswana zokhazokha pachibale, ana amabadwa ofooka ndipo ambiri amafa ali aang'ono. Zinachitikapo kale ndi kambuku wa kum'mwera kwa China. M'tchire sanaonekenso kwa zaka zambiri, ndipo onse a m'makola anachokera kwa makolo asanu ndi mmodzi okha. Mtunduwo ulipo, inde, koma ukupuma movutikira.

Chachiwiri, kusaka sikubwera ndi mano okha. Mayi amakhala ndi bere miyezi itatu ndi theka, n'kubereka ana awiri kapena atatu, ndipo anawo amayenda naye pafupifupi zaka ziwiri. Nthawi yonseyi amaphunzira kunyang'amira nguluwe ndi agwape, komanso kupewa anthu. Wokulira m'khola, wozolowera kuponyeredwa nyama, maphunziro amenewa amamudutsa. Mukam'masula, mwina afa ndi njala, mwina alowera kumudzi kukagwira mbuzi.

Ndiye yankho lili m'nkhalango momwemo, ndipo adani ake ndi awiri. Woyamba ndi kudula mitengo kuti alime minda ya kanjedza wa mafuta ndi mitengo yopangira mapepala. Indonesia ndiye amapanga mafuta a kanjedza ambiri kuposa dziko lililonse, ndipo mafutawa amalowa mu sopo, majarini ndi mabisiketi. Nkhalango ikaduka zidutswazidutswa, akambuku a mbali iyi sakumananso ndi a mbali inayo, ndipo vuto la majini lija limayamba ngakhale kunja kwa khola. Mdani wachiwiri timam'dziwa bwino: msampha wa waya. Ena amatchera nguluwe koma umakola kambuku, ena amatchera dala kuti agulitse chikopa, mano ndi mafupa.

Ndisabise, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mlimi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Kerinci Seblat kapena Leuser akataya ng'ombe, kapena m'bale wake akajiwa, simungamuuze kuti apirire chifukwa nyamayi ndi yokongola. Minda ya kanjedza nayonso imadyetsa mabanja ndi kulipirira ana sukulu. Kuteteza kambuku kopanda anthu amenewa n'kungodzinamiza. Pafunika makola olimba a ziweto, ntchito zolondera ndi kuchotsa misampha zipatsidwe kwa eni dera, ndipo minda yatsopano isalowenso m'nkhalango yotsalayo. Mlimiyo adziwenso kuti kambuku akatha, nguluwe zichuluka n'kumumalizira mbewu.

Sindikunena kuti malo osungirako nyama ndi achabe. Amaphunzitsa anthu, ndipo ali ngati mbewu yosunga m'nkhokwe. Koma mbewu ya m'nkhokwe ilibe phindu ngati munda wagulitsidwa.

Kwathu kuno, mikango inatheratu ku Majete, koma mu 2012 anakatenga ina ku South Africa n'kuyambiranso. Zinatheka chifukwa mikango inalipo kwina, ndipo tchire la Majete linali lidakalipo. Kambuku wa ku Sumatra alibe kwina kokam'tenga m'tchire. Choncho tsiku lina mphunzitsi akadzafunsa njira yopulumutsira nyama yomwe ikutha, musathamangire kutchula khola. Yambani mwafunsa kuti nyamayo imadya chiyani, imafuna dera lalikulu bwanji, ndipo amene amagona pafupi nayo apindula chiyani ikakhala ndi moyo.