Kapinga Wobiriwira mu Okutobala Amamwa Madzi a Yani?

Kwathu ndi ku Likangala, kufupi ndi pamene mtsinje wa dzina lomweli umathira m'nyanja ya Chilwa. Timalima mpunga, ndiwo zathu ndi matemba, ndipo zonsezi zimadalira madzi otsika m'phiri la Zomba. Nyanja yathuyi ndi yosaya. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adangoti mbwee pamatope ku Kachulu.

Tsiku lina mu Okutobala ndikudutsa m'tauni ya Zomba, ndidaona paipi ikuthirira kapinga pa nyumba ina, dzuwa lili paliwombo. Mtima udandiwawa, poti madzi a m'mipopi ya m'tauniyi amachokera ku damu la Mulunguzi, ndipo Mulunguziyo amathira mu Likangala.

Anzanga, tiyeni tiwerengere. Kuti kapinga akhale wobiriwira nthawi yotentha, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amafuna malita pafupifupi 25 pa sabata. Bwalo la mamita 10 mbali zonse limamwa malita 2,500. Zimenezi ndi ndowa 125 za malita 20. Kodi mayi anga angapite kangati ku mjigo kuti atunge madzi otere?

Wina anena kuti kapinga amaletsa fumbi ndi kukokoloka kwa nthaka. Ndi zoona, ndipo sindikuti timuzule. Sindikutinso kapinga ndiye amaumitsa Chilwa, pakuti nyanjayi imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana. Koma kapinga safa ndi chilimwe. Taonani bwalo la mpira: limauma gwaa, koma mvula yoyamba ikangogwa limaphukanso popanda womuthirira. Choncho ludzu si la kapinga, koma la maso athu ofuna zobiriwira chaka chonse.

Pamalo pamene sitisewerapo, bwanji osabzala mbewu zoyanga nthawi ya dzinja? Mbatata ikagwira imapirira ng'amba, masamba ake amaphimba nthaka kuti chinyezi chisathawe msanga, ndipo timapezapo kholowa. Khobwe ali ndi muzu wozama, amawonjezera chonde m'nthaka, komanso amatipatsa chitambe. Tikakolola, zotsalira zake tiphimbire pansi mpaka mvula ibwere. Pamalo otsetsereka tibzale vetiva, amene mizu yake imazama mpaka mamita atatu, ndipo akagwira safunanso kuthiriridwa.

Mawa ena a ife tidzayang'anira maparishi, masukulu ndi maofesi okhala ndi mabwalo aakulu. Tisanatsegule mpopi, tidzakumbukire mlimi wa mpunga amene akudikira madzi omwewo kumunsi kwa mtsinje. Kapinga agone m'chilimwe, adzadzuka yekha. Paja akulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.