Mfuti ya boma si ya cipani

Pa 23 December 2020, anthu awiri anawomberedwa pafupi ndi likulu la apolisi mu Lusaka, pamene a Hakainde Hichilema, omwe panthawiyo anali mtsogoleri wotsutsa boma, anaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Joseph Kaunda anali wotsatira cipani ca UPND. Nsama Nsama anali loya woimira boma pamilandu, ndipo sanali nawo m'gululo. Cipolopolo sicinafunse khadi la cipani.

Mu 2021, bungwe la Human Rights Commission linapeza kuti apolisi ndiwo anawapha. Mu 2016 tinali titalira kale mtsikana Mapenzi Chibulo. Kodi tidzalira kangati?

Ena amati wapolisi nayenso ndi munthu, amaopa miyala. N'zoona. Ifenso tili ndi mlandu, pakuti mu 2020 magulu a anthu anapha anzawo pongowaganizira kuti akupopera mankhwala m'nyumba. Koma mlonda amene tam'lemba kulondera nkhokwe sawombera mwini cimanga. Mfutiyo inagulidwa ndi msonkho wathu.

Tipempha zitatu. Apolisi aphunzitsidwe kubalalitsa gulu popanda zipolopolo. Wolamula kuwombera aweruzidwe pamodzi ndi wowombera. Ndipo bungwe la Police Public Complaints Commission lifike m'maboma onse, kuti mlimi wa ku Chama kapena ku Chadiza akadandaule popanda kugulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi.

Abale, maboma amasintha, koma mfuti zimakhala zomwezo. Funsani aphungu anu za nkhaniyi lero, maliro ena asanagwe.