MIPENI SI MALUWA OKONGOLETSERA PABALAZA

Magaye a ku doko, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero mundipirira. Amene akwiye akwiye, injini zanu muzibwera nazobe, ndizikonza monga mwa nthawi zonse. Nkhani yanga ndi ya fasho yatilowererayi, yopachika mipeni pakhoma la pabalaza ngati zithunzi za ukwati, kenako kuijambula n'kuponya pa status. Wina isanu, wina khumi, wina waonjezerapo chikwanje chopaka penti yofiira. Pansi pake mwalemba kuti "asilikali anga sagona." Ine ndikuti zimenezi n'zopusa, ndipo zayamba kale kupweteka anthu osalakwa.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso angawa. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi mipeni 7, atatu mwa iyo ndi ma Okapi. Anatenga thabwa, n'kukhomapo misomali, n'kulipachika pamwamba pa sofa. Aliyense wolowa m'nyumba ankayamba kaye waonetsedwa. Ndinamuuza kuti aise, khoma lako ndi la zidina, msomali sugwira, komanso pano pamasewera ana. Anandiseka, akuti ndine wamantha ngati nkhuku. Sipanathe miyezi iwiri. Mwana wa mlongo wake, wa zaka zitatu, anakwera pamsana pa sofa kufuna kampeni konyezimira kaja. Thabwa linazuka, mwana anagwira kumene anagwira, kunali kukuthwa. Tinamunyamula pa njinga yamoto usiku, magazi akudontha pa malaya anga njira yonse. Anamusoka, bala linapola, koma zala ziwiri za dzanja lamanja sizipinda mpaka lero chifukwa mitsempha inaduka. Mwana ameneyu akuyembekezeka kukagwira pensulo ku sukulu ndi dzanja lomwelo. Tsoka silinunkha, inde, koma ili tinachita kulikhomera tokha pakhoma.

Musandimve molakwa. Ine sindidana ndi mpeni. Ndine mwana wa msodzi, ndinaphunzira kutumbula kampango ndisanadziwe kulemba dzina langa. Pa ntchito yanga mpeni ndi mnzake wa sipanala. Ukonde kapena chingwe chikakulunga pulopela, injini ikulira koma boti silikuyenda, mwera ukukankhira kumiyala, chimene chimapulumutsa anthu ndi mpeni wakuthwa womwe uli pafupi. Ndikudziwa kukoma kwa chitsulo chabwino m'manja. Okapi ndimamukonda nanenso, ndi kamphete kake kaja ndi kamwezi ndi nyenyezi pa chogwirira. Mpeni umenewu unayamba kupangidwa ku Solingen, dziko la Germany, mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa, n'chifukwa chake aliyense wobwera ku Joni amabwera nawo. Ndiye sindikulankhula ngati munthu wosadziwa. Ndikulankhula chifukwa ndikuona kuti ambiri opachika pakhomawa mpeni sakuudziwa.

Umboni wake ndi dzimbiri. Pitani mukaone mipeni ya pa status ija pakatha nyengo imodzi ya mvula. Madontho ofiira mbali zonse, kampheteko kolimba, kutsegula mpaka kugwiritsa pulayala. Okapi wa masiku onse ndi wa chitsulo chimene chimanoleka msanga koma chimachitanso dzimbiri msanga. Kuno kunyanja mpweya ndi wachinyontho, makoma athu amatuluka thukuta nthawi ya dzinja, ndiye chitsulo chosapaka mafuta chili pamtetete chimadyeka tsiku ndi tsiku. Munthu wokondadi mipeni sangaisiye choncho. Amene amaisiya choncho amakonda kuonedwa, osati mipeni.

Ena mwandiuza kale kuti, "Nanga bambo ako alibe mipeni yambiri?" Ali nayo, isanu. Koma bwerani kwathu mudzaione ngati mungaipeze. Uliwonse uli ndi ntchito yake. Wina ndi wopalira mamba ndi kutumbulira chambo, wina waukulu wodulira kampango ndi bombe, wina waung'ono wodulira ulusi posoka ukonde, wina umakhala m'boti, ndiye pali chikwanje cha nkhuni zowambira nsomba. Akamaliza ntchito amatsuka, kupukuta mpaka kuuma, kupaka timafuta tophikira, kukulunga m'kansalu, n'kuika m'bokosi lathabwa pamwamba pa khoma kuchipinda kwawo. Tinakula ana 6 m'nyumba imeneyo, palibe anachekedwapo ndi mpeni wa bambo. Ndipo akamakupatsa mpeni amagwira kukuthwa, iwe n'kulandira kuchogwirira. Ukaloza munthu ndi mpeni, ngakhale mocheza, tsiku limenelo udya nsima ukulira. Chikhalidwe cha mpeni kunyanja kuno ndi chimenecho. Za pakhomazi n'zachilendo, tazitola pa TikTok.

Ndipo pa TikTok pomwepo simukuonetsetsa bwino. Azungu amene mumawatengera aja mipeni yawo imakhala m'makabati a galasi okhoma ndi kiyi, m'nyumba zouma, nthawi zambiri m'chipinda chimene mwana salowamo. Ife nyumba zathu ndi za zipinda ziwiri. Pabalaza ndi pomwe timadyera, ndi pomwe alendo amagona, ndi pomwe ana a mudzi wonse amadzaza kudzaonera filimu pa foni kapena pa TV ya sola. Chitseko chimakhala chotsegula kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwatengera chithunzi, kabati ndi loko mwazisiya komweko.

Ena mukuti ndi chitetezo, akuba akaona aziopa. Amwene, taganizani bwino. Wakuba amabwera inu muli pa nyanja usiku, mukuwalitsa nyali kusaka usipa. Kunyumba kwatsala mkazi wanu, ana, mwina ndi agogo. Pa status mwamuuza kale kuti mipeni ili pakhoma la kumanja ukangolowa. Munthu amene akanalowa chimanjamanja n'kuthawa akamva kukhosomola, mwamukonzera zida nokha. Chimene chimaletsa wakuba ndi chitseko cholimba, loko wabwino, galu ndi anansi amene mumagwirizana nawo. Mpeni wa pakhoma sudziwa mwini wake, umatumikira amene wayamba kuugwira.

Chachikulu chimene ndikuopa si wakuba ayi, ndi ife tomwe. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira usipa ukagwa bwino. Ndalama m'thumba, mowa kuyambira masana, kenako mkangano wa magawo, wa ngongole ya petulo, wa mkazi, wa mpira wa Bullets ndi Wanderers. Mkangano wa mowa umafunika mphindi zochepa chabe kuti uzizire. Ngati mpeni uli m'bokosi lokhoma kuchipinda, pofika popeza kiyi anthu akugwira kale, mtima watsika, mawa mukupepesana pa doko. Ngati uli pakhoma pomwe mukukanganirana, dzanja limafika msanga kuposa nzeru. Mawa lake wina ali ku mochale, wina ali m'manja mwa apolisi, ana a mabanja awiri atsala opanda wowadyetsa. Ndi angati ali kundende lero amene akanakhala kwawo chikhala kuti mpeni unali patali pang'ono?

Akuluakulu athu anazidziwa kalekale kuti msodzi, ndalama ndi mowa zikakumana pamafunika malamulo. Taonani ku chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko mowa saloleza, chamba saloleza, juga saloleza, ndipo nyengo yotseka ikafika aliyense amachoka. Malamulo amenewa ndi a mafumu, ndipo anthu amawamvera chifukwa anaona kuti amasunga nsomba komanso amasunga anthu. Ife tikulephera ngakhale kalamulo kamodzi ka m'nyumba mwathu momwe, koti chakuthwa chizikhala pobisika.

Ndiye pali za ulemu wathu ngati achinyamata. Tonse tinaona mavidiyo a mu 2025, anyamata onyamula zikwanje ku Lilongwe akukhapa anthu ochita zionetsero dzuwa likuswa mtengo. Dziko lonse linanyansidwa. Kodi chithunzi chimenecho ndi chomwe tikufuna anthu aziona akatsegula status ya mnyamata wa kunyanja? Chithunzi cha pa foni sichifa. Tsiku lina kudzachitika zoopsa m'dera lathu, wina adzakumbuka kuti uje uja amajambulitsa ndi mipeni, ndipo adzayambira pakhomo panu kufunsa. Mudzalongosola kuti zinali zocheza, koma mudzalongosolera muli pa benchi ya ku polisi. Komanso dziwani kuti kuyenda ndi chida pagulu moopseza anthu ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Kupita nacho ku bala kapena ku mpira mutachisomeka m'chiuno si ushasha.

Tsono poti ndadzudzula, ndikuuzeninso chochita, musati ndangobwera kudzanyoza. Ngati mumakondadi mipeni, isungeni ngati munthu wodziwa. Mukagwiritsa ntchito tsukani ndi sopo, makamaka ngati mwatumbulira nsomba, chifukwa magazi ndi mamina a nsomba zimadya chitsulo. Pukutani uume, osati kungokutumula. Pakani mafuta pang'ono. Wa nsomba ndi wa kukhitchini pakani mafuta ophikira, musapake oyilo wa injini, ameneyo ndi poizoni m'mimba. Wongosunga kapena wa m'boti, oyilo watsopano kapena girizi pang'ono zimagwira bwino, ndipo kadontho kamodzi polumikizira pa Okapi kamathandiza kuti azitseguka mosavuta. Musasunge mpeni nthawi yaitali m'chimake chachikopa, chikopa chimasunga chinyontho. Dzimbiri likayamba, sandipepa wosalala ndi mafuta zimachotsa lisanalowe mkati. Ndipo muzinola. Mpeni wobuntha ndi umene umacheka mwini wake, chifukwa umaukakamiza ndi mphamvu kenako umaterereka.

Kosungira kwake ndi bokosi lokhoma. Akalipentala amene amakhoma maboti pa doko pathu angakukhomereni ndi zidutswa za matabwa zotsala. Mkati ikani timatabwa tolekanitsa kuti mipeni isamagundane, chifukwa ikamakhulana imabuntha. Timapaketi tija timabwera m'makatoni a nsapato ndi a mafoni musamataye, ponyani m'bokosimo, timayamwa chinyontho, koma ana asatigwire. Loko ndi wotchipa kuposa mowa wa Loweruka limodzi. Kiyi izikhala ndi inu, osati pansi pa pilo pomwe mwana aliyense amadziwa. Wopinda azikhala wopinda. Ndipo ngati mtima wanu sungagone mpaka anthu aone, chabwino, khometsani bokosi la galasi kutsogolo, lokhoma, lomangidwa ndi mabawuti olowa m'khoma lenileni, kuchipinda kwanu. Mnzanu wofuna kuona mukamuonetse muli bwinobwino, musanalawe kanthu.

Chinanso, ngozi ikachitika tisamachite zathu zija za ku galaja, zothira petulo, mafuta a mabuleki kapena dothi pa bala. Tengani nsalu yoyera, panikizani pabalapo mwamphamvu osasiya, kwezani dzanjalo m'mwamba, thamangani kuchipatala. Bala lakuya la chitsulo chauve ndi khomo la kafumbata, ndiye mukafika funsani za jakisoni wake. Ngati chala sichikupinda kapena chachita dzanzi, nenani pomwepo, musadikire kuti chidzachira chokha.

Msuweni wanga thabwa lija analiwotcha. Mipeni anagulitsa, anatsala ndi umodzi wa m'boti. Mlongo wake amamuyankhula, koma si monga kale, ndipo mwana uja akamamupatsa moni ndi dzanja lija iye amayang'ana pansi. Sindinalembe izi kuti ndimuchititse manyazi, ndamupempha kaye ndipo wandiuza yekha kuti lemba, ena asadzaone zimene ndaona ine.

Ndiye amene muli ndi mipeni pakhoma, tsitsani lero lomwe, musadikire mawa. Amene mulibe bokosi bwerani ku shedi kwanga, ndili ndi mabokosi akale a zitsulo awiri, ndikupatsani ulere, loko mukagule nokha. Alongo athu ndi azimayi athu, mukaona zimenezi m'nyumba musaope kulankhula, ana amene amakwera pa sofa ndi anu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani uthengawu ku magulu a ku Msaka, Chembe, Senga Bay, Nkhotakota mpaka kwa anzathu ali ku Joni amene akutitumizira mipeniyi. Amene wakwiya andipeze pa doko m'mawa, tidzakambirane, koma abwere chimanjamanja.